Mafuta Amene Sanaulutse Ndege

Panali munthu wina dzina lake Genzo, mlimi wa mpunga m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa Japan. Amene anandiuza akuti zinachitikadi.

Pakati pa nyanja ndi minda panali nkhalango ya paini yotchinga mchenga. Mwambo wawo unali wakuti mwana akabadwa, bambo ake amabzala mtengo umodzi, ndipo nkhwangwa sinkafikako. Genzo anali ndi mwana mmodzi yekha, Tokuji, ndipo mundawo ankasungira iyeyo.

Dziko lawo litayamba kulanda mayiko a eni kutsidya kwa nyanja, Genzo ndiye ankaimba nyimbo za nkhondo mokweza kuposa onse.

"Tikawatha amenewa, mpunga tizidzadyetsa nkhuku," ankatero.

Boma linatenga Tokuji kupita naye kunkhondo, Genzo n'kumuperekeza ndi mbendera. Linabweranso kudzatenga hatchi yolimira. Kenako belu la pakachisi, kenako miphika yachitsulo, ati akasungunule apange zipolopolo.

Mkazi wake Masae anafunsa, "Bambo a Tokuji, mukuti tikupambana. Nanga wopambana amapemphetsa miphika?"

"Tseka pakamwa iwe, ufuna apolisi atimve? Za nkhondo ukuzidziwira kuti?"

Tsiku lina kunabwera msilikali wachilendo wa nsapato zonyezimira. Anafikira kwa Genzo chifukwa ndiye ankayang'anira makomo a m'deralo.

"Achikulire, zombo zobweretsa mafuta zamira," anatero. "Koma mizu ya paini ukaiphika imatulutsa mafuta. Mizu mazana awiri, ndege ili m'mwamba ola lathunthu. Simufuna ndege yoteteza mwana wanu?"

Masae anagwada pamaso pa mwamuna wake. "Mitengoyo ikachoka, mchenga ubwera. Tokuji adzalima pati?"

"Adzalima kutsidya, kuli minda yoti maso safika kumapeto."

Munthu wouma mutu ngati ameneyu sindinamuonepo. Pofuna kusonyeza chitsanzo, anayamba ndi mtengo umene anabzala yekha tsiku limene Tokuji anabadwa. Amayi ndi nkhalamba anatsatira, poti anyamata onse anali kunkhondo. Anakumba miyezi inayi, m'mimba mulibe kanthu, manja akutuluka magazi. Anaphika mizu ija mpaka migolo inadzaza mafuta akuda, n'kuisanja kuseri kwa kachisi kudikira lole.

Lole sinabwere. Genzo anayenda wapansi mpaka kutauni kukafunsa.

Kalaliki wa boma sanadzutse n'komwe mutu. "Lole iyendera chiyani, bambo? Mafuta oti tikatengere mafuta anuwo tilibe."

Pasanathe miyezi iwiri nkhondo inatha. Dziko linagonja, mizinda ili phulusa, mafakitale ali zii. Mayiko olandidwa aja anabwerera kwa eni ake. Nyengo yozizira itafika, mphepo ya kunyanja inapeza njira ili pululu. Inawomba usana ndi usiku, ndipo pofika nthawi yowokera mpunga, mchenga m'minda unali wolekeza m'mawondo. Anthu anayesa kuuchotsa ndi mafosholo, mawa lake unabwereranso. Genzo anabzala timitengo tatsopano, mchenga n'kutikwirira. Paini kuti atchinge mphepo amafuna zaka makumi asanu.

Chaka chotsatira Tokuji anabwera, atawonda ngati bango. Asanatule n'komwe chikwama anati, "Bambo, tiyeni mukandionetse munda. Kumene ndinaliko, chondilimbitsa mtima chinali munda umenewo."

Anayenda mpaka pachulu cha mchenga. Genzo anaima.

"Nanga munda uli pati?"

"Waimapo, mwana wanga."

Tokuji anayang'ana mchenga umene unali kumapazi kwake. "Nanga mtengo wanga uja?"

Genzo anamutengera kuseri kwa kachisi. Migolo ija inali pomwepo, yadzimbiri, mafuta akudontha pansi.

"Uli m'menemu," anatero, misozi ili chuchuchu.

Tokuji sanakalipe. Anapita kukagwadira mayi ake, n'kunyamula chikwama chake kupita kumzinda kukasaka ganyu m'mabwinja. Sanabwererenso.

Phunziro: Dziko lopita kukalanda munda wa eni limayamba ladya wake womwe. Nkhondo yoputa dala imatenga mwana, hatchi, mphika, mpaka mizu, ndipo sibweza kanthu. Mukaona akuluakulu akuti tikupambana koma akukupemphani mphika, funsani msanga, musadzamve nkhwangwa ili m'mutu. Musaisunge nokha nkhaniyi, atumizireni anzanu, makamaka aja okonda kuombera m'manja nkhondo imene sadzakamenya okha.