Mzere Wachiwiri

Mayi wa makiyi anatsegula mpopi wa kukhitchini n'kuusiya ukuthira. Anati munthu asamalowe nyumba asanaone madzi ake. Otentha amafika ukawerenga mpaka makumi awiri.

Mphunzitsi anawerenga chamumtima. Atafika pa makumi awiri, nthunzi inakwera. Anaseka, nauza mkazi wake kuti ejenti wopezera anthu nyumba ndi ameneyu, osati aja anawayendetsa sabata yonse n'kumawaonetsa zipinda zonga makola a nkhunda.

Banjali linali litangotha masiku asanu ndi anayi m'dziko lachilendoli. Mwamuna anapeza ntchito pasukulu ina. Mkazi anangotsatira, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, atavala jasi yobwereka yosafika pamimba. Nambala ya mayiyu anaipeza pa gulu la pafoni la anthu akwawo.

Mayi wa makiyi sankamwetulira. Ankayankhula ngati munthu wowerenga malangizo a pa botolo la mankhwala. Ajambule mita ya magetsi lero lomwe. Ajambule mng'alu wa pasinki, banga la pakapeti, chilichonse, kuti tsiku lotuluka asadzanenedwe kuti anawononga ndi iwo. Zenera la kuchipinda amayamba alinyamula pang'ono kenako n'kukankha. Zinyalala amatenga Lachiwiri. Nkhalamba ya pansi siyankha moni, koma makalata imasunga bwino. Chitseko chachikulu chimadzikiya chokha, choncho asamatuluke opanda kiyi ngakhale pokataya zinyalalazo.

Pakhonde lamkati panali kabati yomangidwa ndi loko wamng'ono. Mayiyo anati muli katundu wa amene akutuluka, pofika madzulo mukhala mulibe kanthu.

Mkazi wa mphunzitsi anaima pabalaza akuyang'ana khoma. Panali msomali, ndipo pansi pake penti inali yowala kuposa pena ponse, malo okwana chithunzi chimodzi.

"Pamenepo jambulaninso," anatero mayiyo. "Angadzati munakhoma ndinu."

Kenako anawatengera pazenera n'kuloza kanjira ka kuseri. Ambulansi ikadzabwera, aziiuza ilowere uko. Masitepe a kutsogolo ndi opanikiza, machira sakhota. Mkaziyo anagwira mimba yake nagwedeza mutu. Mphunzitsi anati mayiyu waganizira zonse, mpaka za mwana.

Pepala la lendi linali patebulo. Mwini nyumba analisindikiza ndi mzere umodzi wosainapo. Pansi pake panali wachiwiri, wojambula ndi cholembera cha buluu, wopindika pang'ono kumapeto. Mayiyo anaujambula yekha dzulo lake, mwini nyumba atavomera monyinyirika pafoni. M'mawa wonsewo chimene ankafuna chinali chimodzi: pamizere iwiriyo pakhale maina awiri.

Mphunzitsi anasaina mwachangu, siginecha yaikulu ya munthu wozolowera kuchonga makope. Anatseka cholembera n'kutambasula dzanja kuti alandire makiyi.

Mayiyo anatsamiza chikhatho papepalalo.

"Asainenso achemwali."

Mphunzitsi anati palibe chifukwa. Ntchito ndi yake, chiphaso chokhalira m'dzikoli ndi chake, lendi azilipira ndi iye. Madamu ndi ake, pomwe pali iye ali pomwepo. Kwawo nyumba ya mwamuna ndi ya mkazi yemwe, palibe amafunsa pepala.

"Kwathu ndi kwathu, alamu. Kuno amene dzina lake palibe papepala ndi mlendo, ngakhale atakolopa nyumbayo zaka khumi."

"Kapena mwandimva ndikutsokomola, mukuti ndifa mawa?" anatero mphunzitsi akuseka, nayang'ana mkazi wake kuti amuthandize kuseka.

Palibe anaseka. Firiji inalira, n'kusiya. Mayiyo anayang'ana wotchi, nati pali banja lina likubwera kudzaona nyumbayi masana. Popanda dzina lachiwiri, makiyi satuluka. Sanakweze mawu, sanachotse dzanja.

Mphunzitsi anapukusa mutu, nati akazi akagwirizana ngakhale woweruza amathawa. Anayamba kufotokozanso za chiphaso, koma mkazi wake anali atatenga kale cholembera m'dzanja lake. Mayiyo anasuntha chikhatho. Mkaziyo anawerama movutikira, nalemba dzina lake lonse pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, ngati mwana wolemba mayeso. Linapyola mzere wabuluuwo pang'ono.

Mayi wa makiyi analiwerenga kawiri. Anauza mkaziyo kuti ajambule pepalalo pafoni yake, osati ya mwamuna, ndipo kope lina alisunge pamodzi ndi pasipoti.

Makiyi anali awiri. Woyamba anamuvula pa mphete yakale, chikhadabo chinathyoka, iye osayang'anako. Wachiwiri anamutulutsa m'kathumba ka pulasitiki komatidwa kapepala ka nambala. Onse awiri anawaika m'dzanja la mkaziyo.

Banjali linanyamuka kukatenga katundu ku hotela. Pakhomo mphunzitsi anafunsa ngati angapereke nambala yake kwa anzake amene akubwera chaka chamawa, chifukwa maejenti otere ndi osowa. Mayiyo anati nambalayo isiya kugwira mawa. Iwo atsogole, iye atsala kuti azimitse magetsi.

Anamvetsera mapazi awo akutsika mpaka anazilala. Analowa kukhitchini, namanga mpopi womwe unkadontha. Anazimitsa magetsi chipinda ndi chipinda osayang'ana pomwe pali maswichi. Kenako anamasula loko wa pakabati ija.

Munali masutikesi ake awiri, chithunzi chaukwati chozondotsa, ndi pepala la lendi la zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, la mzere umodzi, la dzina la malemu mwamuna wake. Anaika chithunzi ndi pepalalo m'sutikesi, natulutsa masutikesiwo panja n'kukoka chitseko. Chinadzikiya chokha.