Mthunzi wa Mkuyu

Chikhazikitsire khonsolo lamulo lakuti mthunzi ndi wa anthu okha, Esinati, mlonda wa khonsoloyo, ankalawirira kuntchito ndi unyolo ndi loko m'manja. Galimoto ikaima pansi pa mtengo pamsika wa Chimwala ankaimanga tayala, ndipo chilango cha mwini wake chinali kudzala mtengo n'kumauthirira mpaka umupose msinkhu. Dzuwa la masiku amenewo linkakomola ana.

Tsiku lina anapeza galimoto yoyendera mphamvu ya dzuwa itatenga mthunzi wonse wa mkuyu, amayi ogulitsa matimati akupsa poyera, makanda ali kumsana. Anaizindikira. Inali ya a Gwetsani, apongozi ake aamuna, amene chikwatiwire anali asanawayang'anepo kumaso.

A Gwetsani anali atakhala m'galimotomo. Esinati anamanga chitenje pamwamba pa yunifomu, nagwada pafupi ndi tayala, nkhope atayang'ana kumbali.

"Bambo, pepani, galimotoyi ndiimanga."

"Mukudziwa kuti ndi yanga?"

"Ndikudziwa, bambo. Koma makandawa sakudziwa."

Anatseka loko ali chigwadire.

Madzulo mwamuna wake, Lufeyo, anakana kudya. "Banja lathu lathera pamenepa," anatero.

Kutacha, a Gwetsani anafika ndi khasu ndi mbande ya mbawa. Anakumba pakhomo pa Esinati nadzala mbandeyo. Mpaka lero amabwera ndi ndowa yamadzi, ndipo wodutsa aliyense amamuimitsa.

"Ichi n'chilango changa," amatero akuloza kamtengoko. "Amene anandimanga ndi mpongozi wanga uja. Saopa munthu. Komatu anandimanga atagwada."