Makiyi a Galimoto Yofiira

Mmisiri wa maloko ankapala kachitsulo ndi tupa, ndipo phokoso lakelo linkamudula mtima mayi wa mapasa.

"Pang'onopang'ono, bambo, apongozi angamve," ananong'ona akuyang'ana kuchitseko cha galaja.

Mmisiriyo anangoseka. Anali atazula loko wa chitseko cha galimoto, n'kuyamba kusula kiyi watsopano motsatira mano a m'kati mwake. "Musade nkhawa, mayi. Galimoto zakalezi sizivuta. Kiyi ndi mmodzi, wa chitseko ndi wolizira yemwe."

Galimotoyo inali ya apongozi ake aamuna: yofiira, ya mipando iwiri, yonyonyomala ngati ikufuna kudumpha. Mkuluyo anaigula kale, mwamuna wa mayiyo asanabadwe. Ankaipukuta okha, ndipo ngakhale ntchentche inkayamba yaodira isanaterepo. Lamlungu lililonse ankatenga mapasa aja mosinthana kukawapitidwitsa mphepo.

Kenako makiyi anasowa. Ankakhala pamsomali kuchipinda kwa mkuluyo, ndipo wosesa m'chipindamo anali mayiyo basi.

Sanamukalipire. Bola akanatero. Chisowereni makiyiwo ankangomudutsa pakhonde ngati sakumuona. Nyuzipepala ankaibweza yosatsegula. Dzulo lake, powapatsira tiyi, dzanja lawo linagunda kapu n'kuiswa, koma osanena kanthu. Mayiyo anadziwa kuti madzi afika m'khosi. Nyumba inali yawo, mwamuna wake anali kutali kuntchito. Akamuthamangitsa, alowera kuti ndi ana awiri? Mantha anamulanda tulo ndi njala yomwe.

Ngati zimenezo sizinakwane, m'mawa umenewo anapeza kuti m'mbali mwa galimoto muli pokalika patali, utoto utasupuka. Pamenepanso mlandu udzakhala wa yani, ngati si wake?

Mmisiri anabwezera loko n'kukhala pampando wa dalaivala. "Tiyese."

Mayi asanatsegule pakamwa kuti amuletse, injini inabangula, malata a galaja n'kunjenjemera. Mmisiri anazimitsa monyadira n'kumuika kiyi m'manja, koma nyumba yonse inali itamva kale.

Mapasa anatulukira ali liwiro, akukankhana polimbirana mpando. "Agogo! Yalira! Lero ndi ine!"

Pambuyo pawo panabwera mkulu uja, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja likutsata khoma. Nkhope yawo inali itauma gwa. Mayi anagwada pasimenti n'kukweza kiyi ndi manja awiri, maso ali pansi.

"Bambo, mundikhululukire. Aja sindikudziwa kumene ndinawataya. Ndasulitsa wina."

Ana aja anasiya kukangana.

Mkuluyo anatambasula dzanja. Linadutsa pambali pa kiyi n'kugwira mphepo. Anayesanso, n'kuphonyanso. Mayi atadzutsa mutu, anaona kuti maso a apongozi ake akuyang'ana kumbali, osati pa kiyi.

"Amayi a mapasa, mwandipha ine," anatero chapansipansi kuti adzukulu asamve. "Makiyi aja ndinawaponya ndekha m'ngalande, tsiku limene ndinakhula geti mwana ali pambali panga. Maso anga anatha. Nanga tsopano ana awa ndiwauza chiyani?"