Bokosi la Kizito Silitsegulidwa

Misomali inali itakhomedwa kale pamene anthu amayamba kusonkhana. Bokosi linali pamphasa pakati pa nyumba, la matabwa a paini, likununkhabe utuchi. A Magadalena anakhala kumutu kwake, dzanja lili pachivundikiro, ngati mmene amagwirira thumba la kachewere pamsika wa ku Bembeke wogula akamachita matama.

Sanalire. Azimayi anaziona zimenezo, nanong'onezana. Anaonanso manja awo ali ndi madontho akuda osachoka ndi sopo, koma pamaliro safunsa za manja.

Kizito, mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo, anapita ku Ulaya chaka chatha kukaphunzira udokotala wa ziweto. Malo anamupezera ndi wansembe wachizungu wa kumishoni. Boma linakoka miyendo pa pasipoti, linafunsa makhadi a chipani a banja lonse, kenako linalola. Chinatsala chimodzi. Sukulu ya kumeneko sinkalandira mlendo wopanda inshuwalansi ya chipatala, ndipo imeneyo inali ya makolo kulipira.

Nkhani ya inshuwalansiyo mudzi wonse unkaidziwa, poti a Magadalena eni ake anaifotokoza kuchitsime, kuchigayo, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Anagulitsa ng'ombe yawo yaikazi, ndalama osakwana. Ndiye anakakhala pakhonde la wansembe, namuuza awerenge chimodzichimodzi zimene akugula. "Sukulu ine ndinangoinunkha, Bambo, koma sindigula chinthu ndisanachigwire." Akadwala, mankhwala. Akagonekedwa, bedi. Akathyoka fupa, dokotala. Zimenezo anavomera ndi mutu. China anachikana. Wansembe anachonderera mpaka dzuwa linapendeka, iwo osasuntha. Mtengo unatsika.

"Mzungu ndinamugonjetsa ine," ankatero, anthu n'kumaseka.

Kenako inabwera telegalamu. Chibayo. Akuti mnyamatayo anagona m'chipatala chabwino, pabedi loyera, anamwino akusinthana. Zonse inshuwalansi inalipira. Koma kuzizira kwa kumeneko si kwa ku Dedza kuno. Anapita.

Patapita masabata, galimoto ya mishoni inabweretsa bokosi m'mamawa, nkhungu isanachoke paphiri. Analitsitsa ndi a Timoteyo, kalipentala wa kumishoni, amene sanayang'ane munthu kumaso.

"Ng'ombe ija sinapite pachabe," anthu anatero panja. "Mwana wabwera pandege. Ena amatsalira ku Joni komweko, manda osadziwika."

A Magadalena anamva. Dzanja linalimba pachivundikiro.

Amene anavuta ndi a Gerevazio, mlongo wawo, malume wa malemuyo, mwini mbumba. Analowa atanyamula hamala.

"Mlongo, sunthani. Anthu aone nkhope."

"Palibe woona nkhope pano."

"Mwana wa mbumba yanga ndimuike ngati katundu wa kusitolo? Ndikawauza chiyani akumanda?"

"Mukawauze kuti mayi wake wakana. Munamubereka ndinu? Pogulitsa ng'ombe munali kuti? Simunali kumowa ku Mayani?"

Ngakhale a tcheyamani a chipani, amene sapempha chinthu kawiri, anasuzumira pakhomo nabwerera. Amene ankadziwa za m'bokosimo anali atatu okha: mayiyo, wansembe ndi kalipentala. A Magadalena analumbira mumtima kuti wachinayi sadzapezeka.

Jenifa, mwana wawo wamkazi, analowa ndi masamba a nthochi oti aphimbire chakudya cha adzukulu okumba manda. Anagwada pafupi ndi mayi ake.

"Amayi, anthu alibe chisoni. Nthochi yaikulu ija kudimba wina wadula, ndi mkoko womwe usanakhwime."

"Iwe, pamaliro a mlongo wako ukuwerenga nthochi? Choka!"

A Gerevazio anali atagwada kale kumiyendo kwa bokosi, akufunafuna polowetsa hamala. Bondo lawo linanyowa. Anayang'ana pansi. Pangodya ya bokosi pankadontha madzi, pang'onopang'ono, ndipo mphasa inali itada pamenepo.

Ulendo wa pandege, kenako msewu wafumbi, masabata onsewa. Anaganiza za nkhope ya mnyamata amene anamuphunzitsa kupalasa njinga, ndi mmene ingakhalire tsopano. Hamala inatsikira pansi yokha.

"Pepani, mlongo," anatero. "Mumatiteteza ife. Timukumbukire mmene anapitira."



Akwaya anayamba nyimbo. Amuna analowa nalinyamula bokosi, wina n'kunong'ona kuti Kizito ananenepa ku Ulaya. Linatuluka pakhomo, likudonthabe. Wansembe anali panja atavala zamaliro, maso ali m'buku, tsamba osatembenuza.

Mayiyo anatsala okha pamphasa yonyowa. Apo m'pamene mawu a tsiku lija pakhonde la wansembe anabwerera, monga amabwerera tsiku lililonse chifikireni telegalamu.

"Chomaliza, mayi: akamwalira, kubweza thupi kwawo."

"Mwana wanga ali moyo, ine ndimulipirire maliro? Mukufuna kumuitanira imfa? Fufutani chimenecho!"

Kizito anali ataikidwa kale m'dothi la eni ake, pakati pa anthu osadziwa kutchula dzina lake. M'bokosi limene mudzi unkalirira munali thunthu la nthochi, lokulungidwa m'bulangete lake lakusukulu. A Magadalena anayang'ana utomoni wakuda m'manja mwawo, ndipo kulira kwawo kunamveka mpaka kumanda.