Wodwala wa m'chitokosi pakhonde pa a Chimtengo

Lamulo la masiku ano limati wapolisi akamana womangidwa mankhwala, akamudwazike yekha kunyumba kwake. Wodwalayo akamwalira, wapolisiyo alowe ndende.

N'chifukwa chake Lufeyo, woganiziridwa kuba mbuzi, ankagona pakhonde pa a Chimtengo, wapolisi yemwe anamumana mankhwala, malungo akumuyendetsa m'maloto. Ana anamusiyira mkeka wawo n'kuzolowera kunong'ona. Nagama, mkazi wa a Chimtengo, analeka kuthira tsabola m'ndiwo.

Masana ena a Chimtengo akumupukuta thukuta, Lufeyo anatsegula maso pang'ono.

"Bwana, ndinalota ndikugogoda chitseko, inu n'kutsegula."

Dzanja lawo linaima. Tsiku lija Lufeyo ankapempha mankhwala m'chitokosi, kugogodako anakumva ndithu, koma anangokweza wailesi.

"Gonani, achimwene," anatero Nagama akuyang'ana mwamuna wake. "Atsegula tsopano."