Lamulungu Lopanda Jenereta

Lucy Mbewe anayala magalasi ake anayi a sola pabwalo la mpira, chifukwa pafupi ndi tchalitchi mitengo ya mango inkatchinga dzuwa. Waya anaukoka mpaka kukaulowetsa pawindo. Linali Lamulungu loyesera. Akulu a mpingo anali atagwirizana kuti sola ikayendetsa zokuzira mawu kuyambira nyimbo yoyamba mpaka dalitso, anthu avota ngati jenereta ichoke. Ku Katete, abwana ake a pakampani ya sola anali atamuuza kale kuti mwezi uno ukatha osagulitsa kanthu, abweze yunifomu.

Jenereta ya mpingowo inali itagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri. Inkakhala kuseri kwa khoma la kugome, popeza waya wake unali waufupi. Ikalira, malata ankanjenjemera, utsi unkalowa m'mawindo, ndipo nkhuku za m'nyumba zapafupi zinali zitasiya kuikira mazira Lamulungu. Dizilo wake ankagulitsa ndi Maxwell Sakala, wa zigubu uja wa pamsewu wopita ku Sinda. Sabata yonse Maxwell anali akuuza anthu kuti sola imayamwa dzuwa la mudzi wonse, mtedza n'kulephera kuuma.

Belu litalira, Maxwell anafika pabwalopo ndi nzimbe, n'kukhala pansi pafupi ndi waya.

"Mwabwera kumaliro a bizinesi yanu?" anafunsa Lucy.

"Ndabwera kudzadya nzimbe, mlongo," anatero Maxwell.

Lucy anaona mpeni umene ankasendera nzimbewo, anaonanso waya wake. Anaganiza zosalowa m'tchalitchi. Anakhala pomwepo, maso pa mpeni.

Kanyali kobiriwira ka pabatire sikanaphethire ngakhale kamodzi. Kwaya inaimba. Kenako a Josephat Tembo, mkulu wa mpingo amene ankalalikira pafupifupi sabata iliyonse poti abusa ankabwera mwa apo ndi apo, anakwera pagome. Kubwalo kuja mawu awo ankangofika ngati njuchi zili m'mphako, koma sanadukize. Lucy anayamba kumwetulira.

Ulaliki uli mkati, bambo wina wa jekete anatulukira pawindo, n'kukwera njinga osatembenuka. Patapita kanthawi anatulukanso wina, nsapato zili m'manja. Lucy anayang'ana Maxwell. Anthu ake amenewo, anatero mumtima, akukasonkhanitsa anzawo. Maxwell ankangolavula zitsotso.

Mapemphero atatha, anthu anatuluka mwakachetechete, osapatsana moni monga mwa masiku onse. Anakhala pansi pa mango aliyense atazolika. Mlembi wa mpingo anafunsa amene akufuna sola. Anakweza manja ndi a Josephat okha, onse awiri, nkhope ili ngwee. Anafunsa amene akufuna jenereta. Manja anadzuka ngati mapesi m'munda. Amayi ena anakwezetsa ndi timanja ta makanda omwe. Anyamata a kwaya anathamanga kukaitenga jenereta m'kachipinda mmene anaitsekera, anaibwezera pamalo pake, mayi wina n'kuipukuta fumbi ndi chitenje chake chatsopano.

Lucy anamva mutu kutentha.

"Mwawapatsa chiyani anthuwa?" anakalipira Maxwell. "Sopo? Shuga? Nenani!"

"Ine? Ngakhale nzimbe iyi sindinagawireko munthu."

Lucy sanamukhulupirire. Anapinda waya wake akuganiza za yunifomu ija ndi mmene akalowere pakhomo la abwana Lolemba. Chimene chinkamupweteka koposa ndi a Felistus, akazi a a Josephat, mtsogoleri wa amayi. Ndi iwo amene anamuitana kudzaonetsa sola, akudandaula kuti utsi wawathera chifuwa. Lero dzanja lawo ndi limene linayamba kudzuka kumbali ya dizilo. Anawapeza kuseri kwa tchalitchi akumanga duku.

"Amayi, nanunso mwagulidwa? Sola yanga yalakwa chiyani? Yazimapo?"

"Siinazime, mwana wanga. Tinapemphera kuti izime, koma ayi."

"Nanga mawu sanamveke bwino?"

A Felistus anayang'ana uku ndi uku, n'kumukokera pafupi.

"Amveka, lililonse. Zaka zonsezi jenereta ikamalira ife timangoona bambo aja akutsegula pakamwa, ife n'kumati Amen. Lero ndiye tadziwa kuti sabata iliyonse amawerenga maina: wakuba mbuzi, wothira mchenga m'thonje, wolowa m'nyumba za eni. Langa linali lachitatu."