Mbendera Itatsika

"Palasani bwino, akuluakulu inu! Mukufuna ndimire pa tsiku langa lomaliza?" anatero Adimiro Digby Rosewarne.

Makaputeni asanu ndi mmodzi anaseka, thukuta lili kamukamu. Mwambo wake ndi womwewo: mkulu wa asilikali apanyanja akapuma ntchito, mbendera yake imatsitsidwa, ndipo makaputeni eniakewo amamupalasira bwato mpaka kumtunda.

"Mamendulo anuwa ndi amene akulemera, bwana," anayankha Kaputeni Haddow.

Koma maso a Rosewarne anali padoko la Plymouth. Kwa zaka makumi anayi, kalata iliyonse yopita kwa mkazi wake Morwenna inkatha chimodzimodzi: "Mbendera ikadzatsika, sindidzakusiyaninso." Ankadziwa kuti mayiyo wayamba kuiwala zinthu, koma lonjezo lotere munthu angaliiwale?

Anamuona ataima ndi mwana wawo Tamsin, atavala chikhoti chofiira chimene ankamulandirira nacho kuyambira ali pa chibwenzi. Bwato litafika, Rosewarne anakwera masitepe apadoko ngati mnyamata.

"Morwenna, yatsika! Ndabwera."

Mayiyo anayang'ana imvi zake, n'kumwetulira mwaulemu.

"Pepani agogo, tasunthani pang'ono, mukunditchinga. Amuna anga akubwera lero. Ndi mnyamata wamtali, watsitsi lakuda."

"Adadi, musalimbane nawo," ananong'ona Tamsin. "Tsiku lililonse amandiuza ndiwabweretse pano."

Rosewarne anavula chipewa, n'kuima pambali pa mkazi wake, nayenso maso kunyanja.

"Achedwatu, eti mayi?"

"Amachedwa nthawi zonse," anatero Morwenna, "koma amabwera."